Ndinapuma pantchito ndipo ana anakula: kodi munthu amakhalira chiyani pamenepa?

Mphunzitsi Wopuma, Linga, Nkhotakota

Abale ndi alongo, ndabwera ndi funso limene ndalephera kulifunsa pamaso pa anzanga a kutchalitchi, poopa kuti angaganize kuti chikhulupiriro changa chazirala. Ndine bambo amene ndinapuma pantchito ya uphunzitsi wa kupulayimale nditakwanitsa zaka 60, monga mwa lamulo la ogwira ntchito m'boma. Ndinaphunzitsa m'sukulu zingapo za boma lino la Nkhotakota, kuyambira kumtunda kwa Mwansambo mpaka kunyanja kuno, ndipo ndinalipo mu 1994 pamene maphunziro a pulayimale anakhala aulere, ana n'kusefukira mpaka pansi pa mitengo ya mango, ife aphunzitsi n'kumalemba pa bolodi lotsamiritsa pa thunthu. Masiku amenewo ndinalibe mpata wodzifunsa chimene ndinabadwira, chifukwa belu linkandiyankha m'mawa uliwonse.

Ana anga anakula ndipo anabalalika: wina ali ku Lilongwe, wina ku Johannesburg, wamkazi anakwatiwa ku Dwangwa. Amatumiza kangachepe pafoni mwezi ukatha, ndipo sindingawanenere choipa chilichonse. Mayi a kunyumba ali moyo, tili ndi munda wa chinangwa, kondowole sasowa pakhomo, ndipo penshoni ngakhale ndi yochepa imagulako sopo ndi mchere. Choncho musandimve ngati munthu wodandaula za njala. Chimene chikundisowetsa mtendere n'chakuti ndikadzuka m'mawa palibe amene akundidikira, ndipo dzuwa likhoza kulowa popanda munthu ndi mmodzi yemwe amene wasowa kanthu chifukwa chakuti ine sindinapezeke.

Ndikapita kukapemphera kutchalitchi cha Anglican cha All Saints ndimaganizira za Bishopu Chauncy Maples amene anaikidwa m'manda pamalo pomwepo. Anadzozedwa ubishopu mu 1895, ndipo chaka chomwecho, ali paulendo wa ku Likoma kukayamba udindo watsopanowo, ngalawa yake inagubuduzika panyanja iye n'kumira. Iyeyo moyo unamuthera udindo usanayambe, pamene ine udindo wandithera moyo ukadalipo, ndipo nthawi zina sindidziwa kuti mwa awirife wopepukidwa ndani.

Funso langa ndi ili: kodi cholinga cha moyo wa munthu ndi ntchito imene amagwira ndi ana amene amalera, kotero kuti zimenezi zikatha chotsala n'kudikira tsiku lake basi? Ngati pali china choposa pamenepa, munthu amachipeza bwanji imvi zitamera kale? Ndikupempha kuti musangonditonthoza, koma mundiuze zimene inu mumakhulupirira ndi zimene mwaona ndi maso anu.

Mlimi wa Mpunga, ku Bua

Aphunzitsi, ndawerenga mawu anu mofatsa. Ine ndimaswali kumzikiti pamene inu mumapemphera kutchalitchi, koma kuno ku Nkhotakota takhala tikuikitsana maliro ndi kuitanirana chakudya pa Idi ndi pa Khirisimasi kuyambira kalekale, choncho ndiloleni ndikuyankheni monga mnansi wanu.

Kumadrasa tinaphunzitsidwa kuti munthu analengedwa kuti apembedze Mulungu, ndiponso kuti dziko lino anangosungitsidwa, mwini wake adzafunsa mmene analisungira. Ambiri amaganiza kuti kupembedzako kumathera pa swala zisanu za tsiku ndi tsiku ndi kusala kwa Ramadani, koma mashehe athu amanenetsa kuti kulima moona mtima, kugulitsa mpunga ndi sikelo yosabera, kuyanjanitsa anthu okangana, ngakhale kuchotsa minga panjira podutsa anthu, zonsezi ndi kupembedza ngati mtima walinga kwa Mulungu. Tikaziona motere, uphunzitsi wanu unali mbali imodzi chabe ya zimene munasungitsidwa. Kalata yokupumitsani inachokera ku boma, sinachokere kwa Mwini moyo.

Timaphunziranso kuti munthu akamwalira ntchito zake zimaduka kupatula zitatu: sadaka imene ikupitirira kuthandiza anthu, monga chitsime kapena mtengo wa zipatso, nzeru zimene anaphunzitsa ndipo ena akupindula nazo, ndi mwana wolungama amene akumupempherera. Taonani pamene mwaima inu. Namwino amene akuwerenga dzina la mankhwala kuchipatala cha St Anne's, kapena mayi amene akuwerengera yekha ndalama za usipa pamsika popanda womubera, mwina mwa iwo alipo amene anagwira pensulo koyamba m'kalasi mwanu pansi pa mango paja. Ntchito imeneyo ikuyendabe ngakhale inu mwakhala pakhonde.

Koma ndikudziwa kuti za dzulo sizidzutsa munthu lero, ndiye ndikuuzeni za mkulu wina wa kusikimu kwathu kuno amene msana unamuletsa khasu kalekale. Mwezi wa Okutobala madzi akachepa m'ngalande, alimi amayamba kutsekerana madzi usiku, ndipo anthu apachibale amafika posalankhulana mpaka nthawi yokolola. Mkulu ameneyu amatenga kampando kake n'kukakhala pamphambano ya ngalande ndi kope lakale lothothoka chikuto, n'kumalemba amene wathirira lero ndi amene athirire mawa, ndipo popeza sakondera ngakhale mphwake weniweni, mawu ake amatha mlandu. Palibe amene anamulemba ntchitoyo kapena amene amamulipira. Anangoona pamene pankabuka mkangano chaka ndi chaka n'kukakhala pomwepo.

Langizo langa n'lakuti musafunefune cholinga patali kapena m'mutu mokha. Yendani m'mudzi mwanu mukuyang'ana pamene pakuwonongeka kanthu chifukwa chosowa munthu wodziwa kulemba, wodekha mtima, ndiponso wokhala ndi nthawi. Zonsezi inu muli nazo, ndipo nthawiyo ndi imene ambiri a ife a khasu tikuisowa.

Mtsikana wa pa Kamuzu Road, Salima

Bambo aphunzitsi, ndi inunso bambo a ku Bua, mundikhululukire kuti mwana ndikulowerera nkhani ya akuluakulu, koma funso limeneli likutidya ifenso achinyamata, kungoti ifeyo latipeza tisanayambe n'komwe. Ndinamaliza maphunziro a ukachenjede, ndalemba makalata ofunsira ntchito m'malo ambiri, ndipo lero ndimakhala m'kakontena pa Kamuzu Road kuthandiza anthu kutumiza ndi kutapa ndalama za pafoni. Ndikanati ndisakhalepo, anthu akanangosunthira pa kontena yoyandikana nayo osazindikira kuti pasowa munthu.

Mawu a bambo a ku Bua ndi anzeru, koma pali pamene akundiwawa. Ngati moyo umakhala ndi tanthauzo pokhapokha wina akamakufuna kapena akamapindula nawe, nanga ife amene sitinapatsidwe mpata wosonyeza zimene tingathe tiziti ndife ayani? Nanga mwana wobadwa ndi ulumali waukulu, amene sadzalima, sadzaphunzitsa, ndiponso sadzaweruza mlandu wa madzi? Kwathu amakonda kunena kuti kali kokha n'kanyama, ali awiri ndi anthu, ndipo ine ndimavomereza, koma ndaona mwambi womwewu ukusanduka ngongole. Amene wapeza kanthu ndiye amatengedwa kuti ndi munthu, foni yake siileka kulira, pamene wopanda kanthu saitanidwa ngakhale pokambirana za chinkhoswe cha mng'ono wake.

Bambo aphunzitsi, inu mumakhala pafupi ndi mkuyu umene David Livingstone anakumana pansi pake ndi Jumbe, mtsogoleri wa amalonda a Chiswahili, mu 1863 kukamba za malonda a akapolo. Kuyambira m'zaka za m'ma 1840, anthu masauzande ambiri anawolotsedwa nyanja m'zombo za matanga kuchokera pagombe lanulo, n'kuyendetsedwa wapansi kulowera ku Kilwa, ambiri n'kufera m'njira. Mayina awo sitikuwadziwa, minda yawo inalimidwa ndi ena, ndipo ena mwa iwo anali ana amene sanagwirepo ntchito iliyonse pamoyo wawo. Ine sindingavomereze kuti moyo wa anthu amenewo unalibe tanthauzo. Amene ankayeza munthu ndi phindu lake anali ogula ndi ogulitsa aja, ndipo ndimachita mantha ndikaona kuti muyeso womwewo tikudziyeza nawo tokha, mpaka bambo amene waphunzitsa ana moyo wake wonse akudzifunsa ngati akuyenerabe kukhalapo.

N'chifukwa chake ine ndimasiyanitsa zinthu ziwiri. Ulemerero wa moyo wa munthu sumuchoka, kaya ali pantchito kaya wagona pamphasa osatha kudzitembenuza. Koma chinthu chodzukira m'mawa chimasintha ndi nyengo, ndipo munthu ali ndi ufulu wochisankha yekha, ngakhale chitakhala chopanda phindu lowerengeka kwa ena. Loweruka masana ndimatseka kontena n'kupita ku kwaya, kumene ndimaimba alito. Palibe amene angavutike nditajomba, popeza aalito tilipo ambiri, koma mawu anayi aja akalumikizana bwino pa nyimbo imene yativuta kwa nthawi, mafunso onsewa amakhala chete mumtima mwanga, ndipo ndimabwerera kunyumba ndili munthu wathunthu.

Ndiye ndikufunseni, bambo. Ambiri a msinkhu wanu analowa uphunzitsi chifukwa ndiyo ntchito imene inalipo kwa mwana wanzeru wa m'mudzi. Musanakhale mphunzitsi, n'chiyani chimene munkachikonda mpaka kuiwala kuti nsima yapsa? Kodi munachipatsapo mpata?

Namwino Wopuma, Salima

Aphunzitsi, ine ndine mayi wa msinkhu wanu womwewo. Ndinagwira ntchito ya unamwino, ndipo masiku ano ndimayendera odwala matenda osachiritsika m'makomo mwawo pamodzi ndi amayi anzanga a kumpingo. Kuno ku Salima maso athu anatseguka pankhani ya chisamaliro chotere Mayi Lucy Finch atatsegula malo a Ndi Moyo mu 2007, pamene ambiri tinayamba kumvetsa kuti munthu amene sachira ayenerabe kuchotsedwa ululu, kusambitsidwa, ndi kumvetseredwa akamalankhula.

Ndiyambe ndi za thupi, chifukwa unamwino suchoka m'magazi. Si zachilendo kuti munthu amene wangopuma pantchito agwidwe ndi matenda okhumudwa, ndipo matenda amenewa amavala chovala cha mafunso akuluakulu ngati lanuli. Ngati tulo tikukuthawani m'bandakucha masiku ambiri, ngati chakudya sichikukoma, ngati zinthu zimene zinkakusangalatsani sizikukukhudzaninso, ndipo makamaka ngati lingaliro lakuti kuli bwino kufa layamba kukuyenderani, musakhale nazo nokha. Pitani kuchipatala chachikulu cha boma lanu mukafunse woona za matenda a maganizo, chifukwa thandizo lilipo ndipo anthu amachira. Malipoti a apolisi m'dziko muno akhala akusonyeza kuti ambiri mwa anthu odzipha ndi abambo, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake n'chakuti abambo munaleredwa kuti mwamuna salira. Ngati zizindikirozi mulibe, ndiye kuti funso lanu ndi la munthu wamoyo bwinobwino amene wapeza nthawi yoganiza, ndipo si tchimo kulifunsa.

Chachiwiri ndinene mosapsatira, monga mlongo wanu. Mwalemba kuti mukadzuka palibe amene akukudikirani, koma m'mawu omwewo mwatiuza kuti mayi a kunyumba ali moyo. Mayi amenewo akhala akukugawanani ndi sukulu zaka zonsezi, m'mawa mukuthamangira belu, madzulo mukuchonga makope pa nyali, ndipo nawonso ana amene ankawaphikira anawachokera. N'kutheka kuti funso lanuli nawonso ali nalo, kungoti ife amayi sitipuma pantchito ndiye timalikwirira ndi mtondo ndi mbale. Kodi munakhalapo nawo pansi n'kuwafunsa?

Tsopano zimene ndaona pamphasa za odwala. Ndakhala pafupi ndi anthu ambiri m'masabata awo otsiriza, ena anali mabwana m'maofesi, ena asodzi, ena amayi osadziwa kulemba dzina lawo, ndipo sindikumbukira ndi mmodzi yemwe amene anataya mpweya wake wochepawo pokamba za udindo umene anali nawo. Amakamba za mchimwene amene anakangana naye pa malire a munda ndipo akufuna aitanidwe. Amafunsa kuti mdzukulu uja sukulu adzamulipirira ndani. Ena amangolakalaka kulawanso chambo chowotcha, ngakhale atangonyambita kachidutswa. Zimene zimawalemera kapena kuwapepuza ndi anthu awo, ndi zinthu zazing'ono zimene ankazikonda.

Panali gogo wina kufupi ndi Chipoka amene khansa inamugoneka kwa miyezi. Mdzukulu wake wamkazi, mtsikana wa Fomu 2, ndiye ankamutembenuza, kumupukuta ndi kansalu konyowa, ndi kumumwetsa phala ndi sipuni. Gogoyo ankadandaula kuti wasanduka katundu, ndipo ankapempha Mulungu kuti amutenge msanga mwanayo apumule. Koma nthawi yomupukutayo ankamuuza mwana uja mayina a makolo awo, kumene anachokera asanafike kunyanja, ndi chifukwa chimene banja lawo limalima kutsidya kwa dambo osati pafupi ndi mudzi. Tsiku lina ndinapeza mtsikanayo akulemba mayinawo kumapeto kwa kope lake la masamu. Gogoyo atamwalira, mwana uja anandiuza kuti miyezi imeneyo ndi imene anadziwa kuti iye ndi mwana wa yani, ndiponso kuti manja ake angathe kusamala munthu popanda kunyansidwa.

Apa ndi pamene ndikuona kuti bambo a ku Bua ndi mwana wathu wa pa Kamuzu Road sakutsutsana kwenikweni monga akuganizira. Mwanawe, ukunena zoona kuti munthu sayezedwa ndi phindu. Koma ndaonanso kuti palibe munthu wamoyo amene sakupereka kanthu, ngakhale iye mwini asakudziwa, ndipo nthawi zina chimene akuperekacho ndi kulola kuti ena amusamale. Abambo ambiri zimenezi zimawavuta kuposa ululu wa matenda, chifukwa moyo wawo wonse anazolowera kukhala opatsa. Aphunzitsi, mwina gawo lina la zaka zikubwerazi ndi kuphunzira kulandira kangachepe ka ana anu kaja popanda kudziona ngati mwachepa.

Katekisiti, ku Chia

Aphunzitsi, ndingowonjezera pang'ono pa nkhani ya Bishopu Maples, popeza ndife a mpingo umodzi. Munthu ameneyu sanafe ntchito isanayambe. Anafika kum'mawa kwa Africa mu 1876, anatumikira zaka zambiri ku Masasi m'dziko limene lero ndi Tanzania, ndipo kuyambira 1886 anali ku Likoma. Chimene chinamuphonya ndi mpando wa ubishopu wokha, ndipo ndikuona kuti pomuyerekeza ndi inu mwaika mpando pamalo a utumiki.

Kumbukiraninso mwana wa kwathu kuno ku Chia, Leonard Kamungu, mmodzi mwa ansembe oyamba a Anglican ochokera m'dziko muno. Anadzozedwa unsembe mu 1909, anatumizidwa ku Msoro m'dziko la Zambia, ndipo anamwalira komweko mu 1913 atatumikirako zaka zochepa chabe. Sanadziwe kuti tsiku lina ku Zomba kudzakhala sukulu yophunzitsa ansembe yotchedwa ndi dzina lake. Sindikunena kuti aliyense wa ife adzakumbukiridwa chotero, ambiri tidzaiwalika adzukulu athu akadzatha, koma ndikunena kuti munthu ali moyo sali pamalo abwino owerengera zipatso za moyo wake, ndipo kuwerengerako si udindo umene anapatsidwa. Funso lanuli mukhoza kulibweretsa kutchalitchi popanda mantha. Ena mwa abambo amene mumakhala nawo benchi imodzi ali nalo lomweli, akungodikira woyamba kulankhula.

Msodzi wa ku Chikombe, Salima

Aphunzitsi, ine sukulu sindinapite nayo patali, koma zimene ndinaphunzirazo ndinaphunzitsidwa ndi anthu ngati inu, choncho ndili ndi mangawa okuyankhani.

Ndimapha utaka ndi chilimira ku chilumba cha Mbenji. Monga ambiri mukudziwa, chilumbachi chili ndi malamulo ake amene anakhazikitsidwa ndi ufumu wa Makanjira m'zaka za m'ma 1950, ndipo akutsatidwabe mpaka lero. Chimatsekedwa mu Disembala n'kutsegulidwa mu Epulo, ndipo nthawi yotsegula salola mowa, chamba kapena juga pachilumbapo. Ndili mnyamata ndinkaona miyezi yotsekayo ngati chilango, chifukwa msodzi amene sakulowa m'madzi amadziona ngati si munthu, ndalama zimatha, ndipo alovi amabalalika kukafuna maganyu m'minda. Nditakula ndinamvetsa kuti miyezi imeneyo ndi mbali ya usodzi womwewo. Ndi pamene nsomba zimaswana, ndi pamene timasoka maukonde ndi kumata mabwato, ndiponso ndi pamene ana athu amadziwa nkhope za abambo awo. Magombe ena amene amaphedwa chaka chonse osapumitsa nsomba zinachepa, koma ku Mbenji tikatsegula timabwerako ndi kanthu.

Ndikudziwa kuti kwanuko sikudzakhala mwambo wotsegulira kuti mubwerere m'kalasi, ndiye sindikufuna kukunamizani. Chimene ndikunena n'chakuti musafulumire kuiweruza nyengo imene mwalowayi kuti ndi yopanda pake chifukwa chakuti siikufanana ndi yakale. Amene anaika lamulo la Mbenji anali akuluakulu, ndipo ankaganizira anthu amene anali asanabadwe, ine mmodzi wa iwo. Mnyamata amene ali ndi ngongole ya injini ndi ana aang'ono sangaganize zotseka nyanja, mutu wake uli pa nsomba za usiku uno. Maganizo a zaka makumi asanu zakutsogolo amafuna munthu amene wachoka m'bwato. Kumudzi kwanuko kuli mitengo ikutha, kuli magombe akuphedwa ndi maneti a udzudzu, kuli ana akusiya sukulu kuthamangira kunyanja, ndipo pabwalo la mfumu pakamakambidwa zimenezi pamafunika mawu a munthu amene sakufunapo kanthu.

Mphunzitsi Wopuma, Linga, Nkhotakota

Ndikuthokozeni nonse chifukwa mwandiyankha mosandinyengerera, monga ndinapemphera. Mayi namwino, tulo ndimagona ndipo chakudya ndimadya, koma zizindikiro mwatchulazo ndazilemba, chifukwa pali mnzanga wina amene tinapuma limodzi amene wasiya kutuluka m'nyumba, ndipo mawa ndikamuona. Za mayi a kunyumba, ndinawawerengera zonse zimene mwalemba. Anakhala chete kanthawi, kenako anati nawonso nyumba imawakulira masana, ndipo tinacheza mpaka usiku nkhani zimene sitinazikambepo chichokereni mwana wotsiriza.

Bambo a ku Bua ndi achimwene a ku Chikombe, mawu anu ndawasunga, ngakhale ndinene kuti mtima wanga sunakhazikike kwathunthu. Mwandisonyeza zochita, ndipo n'zoona kuti zilipo zambiri, koma funso lakuti zonsezi pamodzi zikulowera kuti ndikuona kuti ndidzayenda nalobe. A katekisiti akuti kuwerengerako si udindo wanga, ndipo m'chikhulupiriro ndikuvomereza, koma mutu wa mphunzitsi unazolowera kuti funso lililonse likhale ndi yankho lochongeka, ndiye zitenga nthawi.

Mwana wanga wa pa Kamuzu Road, funso lako ndi limene landigwira kwambiri, ndipo usadzitchulenso munthu wosasowedwa, chifukwa zimene walemba za anthu a pansi pa mkuyu sindinazimvepo kwa wina aliyense m'zaka zonse ndakhala pafupi ndi mtengowo. Ndili mnyamata ndinkakonda kukhala pamapazi a nkhalamba kumvetsera mbiri: mmene midzi ya kuno inayambira, mabanja amene makolo awo anabwera ndi Jumbe, ena amene anathawira kuno, ena amene anaomboledwa n'kukhazikika pafupi ndi mishoni. Agogo anga ankachita kunditumizira mwana kudzandiitana kuti nsima ikuzizira. Nkhalamba zimenezo zinapita, koma ana awo alipo, ali ndi zaka za m'ma 80, ndipo zimene anamva kwa makolo awo sizinalembedwe paliponse. Ena mwa mayina amene ukuti sitikuwadziwa mwina akadali m'kamwa mwa anthu amenewa.

Ndaganiza zoyamba kuwayendera ndi kope, mayi a kunyumba akuti adzandiperekeza chifukwa amayi okalamba amamasuka bwino kwa mayi mnzawo. Koma dzanja langa silithamanganso ngati kale, ndipo nkhalamba ikayamba kulankhula siifuna kuimitsidwa. Foni imene anandigulira mwana wa ku Johannesburg akuti imajambula mawu. Undifotokozere pang'onopang'ono mmene ndingajambulire, ndi mmene ndingasungire mawuwo kuti asatayike foniyo ikadzawonongeka. A katekisiti, ngati ku Chia kuli akuluakulu amene angalole kuti ndiwachezere, mundidziwitse ndisanakonze ulendo, mvula isanayambe.